Phiri la Mulanje tisalitenge ngati munda wathu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za phiri lathu la Mulanje. Ine ndimakhala cha ku Likhubula ndipo zomwe ndikuona zikundiwawa kobasi.

Agogo anga ankati phirili lili ndi eni ake, munthu sumangokwera mwachisawawa, ukapeza chakudya m'tchire umadya osafunsa zambiri. Ife a masiku ano timaseka zimenezo koma mantha amenewo ndi amene ankasunga mitengo. Pano aliyense akufuna kulilamula phiri. Azungu anabzala paini ku Chambe, pamwamba pa phirili, kuti apeze matabwa, painiyo anafalikira ngati udzu mpaka boma kuyamba kumugwetsa. Ife tamaliza mkungudza ndi masowo, mtengo woti umamera mwachilengedwe paphiri lokhali dziko lonse lapansi, kenako makala, kenako chimanga mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, ena akukambanso zokumba miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, ku Lichenya paphiri pomwepa.

Nanga napolo wa ku Phalombe wa 1991 tamuiwala? Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ndiye ndinamuona ndi maso angawa, miyala yaikulu ngati nyumba ikugubuduka ndi madzi, achemwali anga anatsala ndi chitenje chomwe anavala basi. Mvula inali yoopsa inde, koma pamalo opanda mitengo dothi silinalimbe ngakhale pang'ono.

Chonde mafumu ndi a zankhalango tithandizeni, mbande za mkungudza zomwe anthu akubzala zisamapse ndi moto wa osaka mbewa chilimwe chino.

Wokhudzidwa,
Likhubula, Mulanje