Ng'oma zisamameze mawu a ochita zisudzo

Akonzi,

Mkangano wa oonera zisudzo muno mu Lilongwe, woti sewero labwino ndi lolankhula lokhalokha kapena losakaniza nyimbo ndi magule, gwero lake ndi kusamveka kwa mawu, osati nyimbozo ayi.

Maholo ambiri amene magulu amabwereka ndi a denga la malata lopanda siling'i, choncho mawu amabwerera. Ndiye oimba ng'oma akakhala kutsogolo kwa siteji, wosewera n'kumaimba wopanda maikolofoni, a kumbuyo amangomva chiphokoso. Nkhani imene yagona m'nyimbomo yawapita basi, ndipo potuluka amati masewero anyimbo ngopanda mutu. Penanso masipika amaikidwa kumbuyo kwa osewera, maikolofoni n'kumatola mawu a sipikayo, kenako tswiii! mpaka anthu kutseka m'makutu.

Bungwe loona za zisudzo la National Theatre Association of Malawi lilangize magulu kuti masipika azikhala kutsogolo moyang'ana anthu, ang'oma pambali, ndipo azifewetsa dzanja woimba akayamba. Kuyeserera komaliza kuzichitikira m'holo momwemo, mmodzi atakhala mzere womaliza n'kumakweza mkono mawu akasowa. Pa positala azilembanso chiyankhulo, kutalika kwa sewero, komanso ngati ndi lanyimbo, kuti munthu azidziwiratu asanalipire pakhomo.

Wokonda zisudzo,
Area 25, Lilongwe