Dandaulo pa mikanda ya goldstone ndi ndodo za galasi zomwe munandigulitsa

Kwa Bwana Manijala,

Foni ndaimba kokwanira. Yankho ndi lomwelomwelo, "tikuimbiraninso," koma mpaka lero kuli zii. Ndiye ndati ndilembe, mwina pepala mulilemekeza. Za oda yanga sindibwereza, zili m'mabuku mwanu, ndipo risiti ndasunga.

Tsiku lomwe ndinabwera kachiwiri kusitolo kwanu ku Blantyre, nditasenza katoni ya katunduyo, mnyamata wa pakauntala sanafune n'kusuzumiramo komwe. Ine ndikufotokoza, iye maso ali pa foni. Nditamaliza anati, "Madala, galasi ndi galasi basi. Ngati ntchito yakukanikani musanamizire katundu wathu." Anzake awiri kumbuyoko n'kumaseka. Poti zikuoneka kuti palibe anamuphunzitsa za zinthu zomwe amagulitsa, ndiloleni ndimuphunzitse ine kudzera mwa inu.

Goldstone si mwala. Ndi galasi lomwe mkati mwake muli tizidutswa ting'onoting'ono ta mkuwa, ndipo timeneti n'timene timanyezimira. Luso lake linatchuka ku Murano, ku Venice, m'zaka za m'ma 1600. Ife opanga mikanda pa lawi timagula mikanda ya goldstone, kuisungunula n'kuikoka kuti ikhale ulusi wa galasi, womwe timati stringer, wonenepa milimita imodzi kapena awiri, wojambulira mizere ndi timadontho. Vuto lake mkuwawo sufuna kukhudzana ndi moto. Ukatentha mopyola, kapena lawi likachuluka oxygen, kunyezimira kumathawa, n'kutsala mtundu wa matope wobiriwirako. N'chifukwa chake mkanda umayamba wautsuka ndi sipiriti, n'kuutenthetsa pang'onopang'ono mu uvuni kufika cha m'ma 500°C kuti usaphulike ukakumana ndi lawi, kenako n'kuutola ndi nsonga yotentha ya ndodo ya galasi loonekera. Bowo la mkanda umalitseka kuyambira mbali imodzi kuti mpweya utulukire inayo. Ukatseka konsekonse nthawi imodzi thovu limatsalira mkati, ndipo ulusi umadukira pomwepo. Ukatha apo umaukuta wonse ndi galasi loonekera, osasiya mpata ngakhale wonga diso la singano, n'kuutenthetsa kunsonga kwa lawi komwe moto ndi wofatsa, kuutulutsa, kudikira masekondi angapo kuti pamwamba pagwire, ndiye n'kukoka modekha.

Galasi lokutiralo ndiye pagona nkhani. Ndinapempha ndodo za COE 104, ndipo pa risiti panu palembedwa 104. Zomwe munandikulungira ndi borosilicate, mtundu wina wa galasi wosasungunuka msanga, wa COE 33. Nambala imeneyi si yokongoletsera pakete, bwana. Imanena mmene galasi limafutukukira likatentha ndi mmene limabwererera likamazizira. La 104 limabwerera koposa katatu poyerekeza ndi la 33. Ukaphatikiza awiriwa, lina likukoka lina likukana, mapeto ake n'kung'aluka. Palibe uvuni ungakonze zimenezo, ngakhale utazisiya pa 515°C tsiku lathunthu. Ndi maso simungazisiyanitse msanga, zonse ndi zoonekera, koma pamoto zimadziulula: pa lawi lomwe 104 imayenderera ngati uchi, ndodo zanuzi zinangoti gwa. Ukawonjezera moto kuti zifewe, goldstone mkatimo yapsa kale. Ulusi wambiri unkathyoka wokha uli chigonere patebulo. Wochepa womwe unapulumuka sunalowe bwino m'mikanda, unangokhala pamwamba ngati waya, ndipo mikanda yonse 12 inatuluka mu uvuni m'mawa mwake ili ndi ming'alu yotsata mizere yomweyo.

Si zokhazo. Pa zingwe 5 za mikanda ya mamilimita 8, ziwiri si galasi n'komwe, ndi pulasitiki wothira zonyezimira. Apa ndivomere, ndinafunika kuyesa kaye, koma ndinakhulupirira chikwangwani chanu. Inasungunukira mu uvuni, utsi wakuda thoo, fungo mpaka anzanga oyandikana nawo kutuluka m'nyumba kudzafunsa ngati kukupsa matayala. Zomata pansi pa uvuni ndikupalabe mpaka pano. Chonsecho kuyesa kwake n'kwa mwana: galasi limazizira ukaligunditsa patsaya, limalemera, ndipo limalira ukaligogoda pa dzino. Pulasitiki ndi wopepuka, ndipo singano yotentha imangolowa. Mnyamata wanu uja akanaika foni pansi mphindi imodzi, akanaona yekha.

Tsono maulendo. Kuchoka ku Matawale kufika kwanuko ndi makilomita opitirira 60, minibasi kuima pa Thondwe, pa Namadzi, pa Njuli, kutsika ku Limbe n'kukweranso ina. Ulendo woyamba, akuti bwana atuluka, dikirani. Ndinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, bwana osabwera. Wachiwiri ndi uja wa chipongwe. Wachitatu ndi womwe wandilembetsa kalatayi: munandiimbira nokha kuti ndodo zoyenera zafika. Ndifike, ndikupeza ndodo zomwe zija za borosilicate, mwangomatapo kapepala kolemba 104 ndi bolopeni. Zikomo kwambiri chifukwa cha luso limenelo. Mwina kwanuko kapepala kamasintha galasi, kuno ku Zomba sikanayambe.

Pamene ndikulemba pano gasi wa silinda yonse wathera pachabe, ndipo anyamata ogulitsa ziboliboli ndi mikanda kwa alendo kuphiri, omwe amaoda kwa ine, ayamba kufunsa kwina.

Ndikufuna izi. Mundibwezere ndalama zonse za ndodo ndi za zingwe ziwiri za pulasitikizo, kuphatikizapo thiransipoti ya maulendo atatu. Osandipatsa katundu wina m'malo mwake, pokhapokha mutandionetsa pakete yochokera kwa opanga yosatsegula, yolembedwa 104. Ndodo za 33 ndi za 104 muzisiyanitse mashelefu, chifukwa si ine ndekha amene mundipweteke. Ndipo mnyamata uja auzidwe kuti kasitomala satukwanidwa pagulu.

Ndikupatsani masiku 14. Akatha osamva kanthu, katoniyi pamodzi ndi risiti ndi kapepala kanu ka bolopeni ndipita nazo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula, ndipo galasi ndiziitanitsa ku Johannesburg, lidule lisadule. Ulendo wachinayi sindiyenda. Ndalamazo mutumize pa nambala yomwe muli nayo kale.

Ndine kasitomala wanu wokhumudwa,
Wopanga mikanda ya galasi,
Matawale, Zomba