Phunziro la graph theory liyambire pa misewu yathu

Akonzi,

Ndikupempha aphunzitsi a masamu m'mayunivesite athu kuti aziyamba phunziro la graph theory (nthambi ya masamu yoona za madontho olumikizidwa ndi mizere) ndi zinthu zimene ophunzira amazidziwa kale. Phunziroli linayamba ndi funso la milatho: mu 1736, katswiri wa masamu Leonhard Euler anasonyeza kuti munthu sakanatha kuwoloka milatho yonse 7 ya mumzinda wa Königsberg kamodzikamodzi pa ulendo umodzi, chifukwa dera lililonse mwa madera anayi a mzindawo olumikizidwa ndi milathoyo linali ndi chiwerengero cha milatho chosagawika pawiri, pamene ulendo wotere umatheka pokhapokha ngati madera oterowo sakupitirira awiri. Kuno ku Mzuzu, mphunzitsi angajambule Ekwendeni, Nkhata Bay ndi Mzimba ngati madontho, misewu ngati mizere, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale wophunzira woopa masamu angamvetse msanga.

Ine wowerenga wanu,
Mzuzu