Kalata Yotseguka kwa Wapampando wa Bungwe Loyang'anira Alangizi a Zamaganizo

A Wapampando,

Ndakulemberani kawiri mwakachetechete. Koyamba mlembi wanu anati komiti ikhala pansi, kachiwiri kunangoti zii. Ndiye lero ndalemba poyera.

Mng'ono wanga anapita kwa mlangizi chifukwa chosowa tulo komanso kumangolira osadziwa chomuliza. Sanapiteko ndi nkhani ya bambo athu. Pa ulendo wachitatu mlangiziyo anamuuza kuti anthu a zizindikiro zotere nthawi zambiri amakhala kuti anagwiriridwa ali ana, ndipo kusakumbukirako ndiye umboni wake. Anamuuza kuti atsinzine, adzione ali kamwana m'chipinda, kenako atchule amene akutsegula chitseko. Anamupatsanso kope loti azilembamo maloto m'mawa uliwonse. Kopelo ndaliwerenga, anachita kundipatsa yekha. Masamba oyambirira adzaza ndi "mwina" komanso "nkhope sindikuiona". Pofika pakati "mwina" uja wasowa, nkhope ija yasanduka ya bambo. Lero mwiniwakeyo akunena misozi ili chuchuchu kuti sakutha kusiyanitsa zimene anaona ndi zimene anauzidwa kuti aone. Bambo nawo anasiya kunyamula zidzukulu. Mwana akawathamangira, iwo amabisa manja kumbuyo.

Musandimve molakwa. Nkhanza kwa ana zilipo, ndipo ambiri amene anachitidwa chipongwe amakhala chete zaka ndi zaka asanaulule. Amenewo ayenera kumvedwa. Chimene chikundiwawa ndi mlangizi amene amayamba ndi yankho, kenako n'kumakumba mpaka wodwala avomere.

Inu munaphunzira ntchitoyi kuposa ine, ndipo mukudziwa kuti ubongo susunga zakale ngati kanema. Nthawi iliyonse munthu akamakumbukira amachita kulumikizanso zidutswa, ndipo mawu a munthu amene ukumukhulupirira amalowa mosavuta pamipatapo. Mu 1995 Elizabeth Loftus ndi Jacqueline Pickrell anauza anthu 24 nkhani yopeka yoti anasochera m'sitolo yaikulu ali ana, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anayamba kuikumbukira. Mu 1994 ku California khoti linagamula kuti Gary Ramona apatsidwe $500,000 atasumira amene ankathandiza mwana wake wamkazi chifukwa chomuika m'maganizo zoti bambo akewo anamugwirira. Iwo anafunsa mwanayo mafunso atamupatsa mankhwala ogonetsa otchedwa sodium amytal. Mu 1997 bungwe la Royal College of Psychiatrists ku Britain linachenjeza madokotala ake kuti asamafukule zakale pogwiritsa ntchito hypnosis (kugodomalitsa maganizo a munthu ngati ali m'tulo), mankhwala, kapena kutenga maloto ngati zinthu zimene zinachitikadi. Zaka zonsezi zadutsa, nanga mlangizi wa chiphaso chanu akuchitiranji zomwezo?

Mlembi wanu uja analonjeza kuti wina adzatiimbira foni kuti amve mbali yathu, ndipo ine ndinauza bambo choncho. Mpaka lero amandifunsa ngati aimba. Ndiziwayankha kuti chiyani?

Ndimalemekeza udindo wanu, n'chifukwa chake ndikupempha inu osati wina. Tulutsani malangizo olembedwa oletsa alangizi kuuza wodwala kuti anachitidwa nkhanza zimene iye sanazitchule. Aliyense woyamba kulandira uphungu azifotokozeredwa kuti zimene wakumbukira ali pa chithandizo zitha kukhala zoona kapena ayi. Ndipo tsegulani dandaulo lathu, chifukwa mlangizi uja akulandirabe anthu tsiku ndi tsiku.

Kope lija ndili nalo, ndipo mng'ono wanga walola kuti komiti yanu iliwerenge. Ingotiuzani tsiku, tibwera nalo.

Ine,
Mkulu wake wa wodwalayo