Za mwana wathu wofuna kukaphunzira zamalamulo kunja

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Dedza chisanu chafika, anthu ali kalikiliki kukumba kachewere. Uthenga wanu wa mwana wathu wofuna kukaphunzira zamalamulo kunja uja ndaulandira, ndiye ndiyankha mosapsatira.

Musanafunse za fizi, mufunseni kaye kuti uloya akufuna kudzaugwirira kuti. Thupi la munthu ndi limodzimodzi kulikonse, n'chifukwa chake dokotala savutika kwambiri posamuka, koma malamulo amathera m'malire. Pa Lizulu pomwepa, tsidya lino la msewu wa M1 malamulo athu mizu yake ndi ya ku England. Mukangowoloka phula muli m'Mozambique, momwe amatsata dongosolo la Chipwitikizi. Kwanuko maziko ake ndi Roman-Dutch osakanikirana ndi a Chingerezi. Scotland nayo ili ndi akeake ngakhale ili mu UK, ndipo ambiri amapusitsika pamenepa. Ngati cholinga n'kubwerera kumudzi, zophunzira za ku England, Zambia, Kenya kapena Uganda ndi zomwe zimayandikana ndi zathu.

MSCE payokha kawirikawiri siyimulowetsa mu LLB, digiri yoyamba ya zamalamulo. Ku England amafuna A Level, apo ayi chaka chimodzi cha maphunziro okonzekera otchedwa foundation, kenako digiri ya zaka 3. Ku South Africa LLB ndi zaka 4, koma ayambe wapeza chikalata cha exemption, chomuloleza kulowa yunivesite, ku Matriculation Board ya Universities South Africa, ndipo viza yake imafuna medical aid (inshuwalansi ya zachipatala) yolembetsedwa komweko. Mayeso a Chingerezi a IELTS asawapeputse poti Chingerezi amachitha. Sukulu zamalamulo zambiri zimafuna 6.5 kapena 7, ndipo gawo lolemba ndi lomwe limagwetsa ana.

Viza ya UK imakanika pa tinthu tating'ono. Yunivesite ikamulandira imapereka nambala yotchedwa CAS. Ayezetse TB pachipatala chovomerezeka ndi boma la UK, osati paliponse. Ndalama ya fizi ya chaka choyamba ndi yodyera miyezi 9 ikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana; ikatsikako ngakhale tsiku limodzi, pempho lagwa. Zobwereka kwa achibale n'kuponyamo dzulodzulo zija sizithandiza. Palinso ndalama ya zachipatala yomwe amalipiriratu ya zaka zonse nthawi imodzi. Maganyu amaloledwa maola 20 pa sabata sukulu ikamayenda, ndipo ndalama yake ndi ya ndiwo chabe, musaiwerengere pa fizi.

Inu mwina mwapulumukako poti mumalandira ma rand. Wodalira kwacha akumbukire Novembala wa 2023, pomwe ndalama yathu inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, kuwonjezera pa kudikira ndalama zakunja ku banki. Mwana wolephera kumaliza fizi sapatsidwa zotsatira, ndipo viza yake imatha kuthetsedwa. Thandizo la maphunziro ngati la Chevening, la boma la UK, musalidalire panopa: ndi la digiri yachiwiri, ndipo limafuna munthu wogwirapo ntchito zaka 2.

Tsono pobwerera mpomwe pali nkhani yeniyeni. Digiri yakunja siyimusandutsa loya kuno. Mapepala ake akaunikidwe ndi NCHE (bungwe loona za maphunziro apamwamba) komanso Malawi Council of Legal Education, kenako aphunzire ku Malawi Institute of Legal Education ndi kukhoza mayeso ake, ndipo pamapeto Chief Justice amuvomereze kuimira anthu pamilandu. Ounikawo amayang'ana phunziro lililonse: contract (mapangano), tort (kulakwirana kofuna chipepeso), criminal law (milandu yaupandu), evidence (umboni), malamulo a malo, malamulo oyendetsera dziko. Mwana akatengeka ndi maphunziro osankha okoma mayina n'kusiya evidence, adzaidziwa pobwera. Asunge transcript (chikalata cha zotsatira zake) ndi ndondomeko ya phunziro lililonse kuyambira chaka choyamba, chifukwa kuziitanitsa ali kuno n'kovuta.

Ndipo pali zomwe London sadzamuphunzitsa: Konsitityushoni yathu ya 1994, lamulo la malo a makolo la 2016, la maukwati la 2015, la chuma chamasiye la 2011. Mlandu wa munda wa pachikamwini ku Kaphuka, wofuna kudziwa mwinimbumba ndani ndipo ankhoswe ananena chiyani, sumveka ndi mabuku a ku England. Aziwerenga zigamulo zathu pa tsamba la pa intaneti la MalawiLII, n'zaulere, ndipo patchuthi azikakhala m'khoti la majisitireti n'kumamvetsera.

Kunena zoona, ine ndikadakonda ayambe wayesa ku University of Malawi ku Zomba, ngakhale malo ndi ochepa ndipo salowa ndi MSCE yokha, kenako digiri yachiwiri ya LLM ya chaka chimodzi akaichite kunja. Nditumizireni mayina a mayunivesite omwe wawaika mumtima pamodzi ndi mndandanda wa maphunziro awo, tiwaone limodzi musanalipire kalikonse.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wa ku Dedza.