Kalata yochokera ku Cape Town

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi agogo ndi ana onse ku Bembeke. Ine kuno ndili bwino. Ndalama ya feteleza ndatumiza Lachiwiri, achemwali akatenge ku Dedza boma.

Andiuza pa foni kuti tulo simukulipeza chimvereni kuti ndikupita kudziko la madzi oundana. Mtima pansi amayi, sindikupita. Opita ndi asayansi. Sitima ya S.A. Agulhas II imanyamuka padoko pano mu Disembala kupita nawo ku Antarctica, komwe dziko la South Africa lili ndi malo ofufuzira otchedwa SANAE IV, ndipo ena amatsala konko chaka chathunthu n'kupitirira. Ine yanga imathera mosungira katundu, kuona ngati zimene atengezo zilibe chilema.

Tenti iliyonse timaimanga kaye n'kuiunika msoko ndi msoko. Zipi timaiyesa titavala magolovesi okhuthala, chifukwa kumeneko ukavula golovesi kuti ulimbane ndi zipi yovuta, zala zimauma gwa. Masitovu timawayatsa onse, imodziimodzi. Ndi a mafuta ngati palafini, poti gasi wam'zitini amafooka kukazizira kwambiri. Musaipepute sitovu: kulibe chitsime kulibe mjigo, madzi akumwa amachita kusungunula ayezi.

Chimandiseketsa ndi cha njere. Timapisa m'matumba a majekete ndi kukolopola kunsi kwa nsapato, ndendende mmene munkatichotsera chisoso pamalaya tikachokera kudimba. Lamulo sililola mbewu yachilendo kukafika kumeneko. Ngakhale agalu analetsedwa kuyambira 1994.

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. Chovala cha thonje sachifuna pathupi ngakhale pang'ono, amayamba ndi cha ubweya wa nkhosa kapena nsalu youma msanga. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, ndiye munthu ukangoima ntchito limayamba kukuzizira. Nditamva izi ndinaganiza za agogo mu Juni, pochokera kothirira kachewere malaya ali chonyowa, n'kungovala jekete pamwamba. Chifuwa chawo cha chaka ndi chaka chija, ine ndikukayikira pomwepa. Auzeni aziyamba avula chonyowacho, ngakhale ndikudziwa kuti ayankha kuti anakula osamva za azungu.

Thumba limodzi logonamo, la nthenga za atsekwe, analikana chifukwa cha zipi, ndipo abwana anandigulitsa motchipa. Zipiyo ndakonzetsa. Ndilipatsira mnzanga wa ku Lizulu amene akubwera pa Khirisimasi. Ndi la agogo, ana asaliyese chosewerera. Musalichape ngati bulangete kapena kulifinya, nthenga zimaundana n'kusiya kufunda, muzingoliyanika padzuwa. Ndipo litalikirane ndi mbaula, nsalu yake imasungunuka ndi kamoto kakang'onong'ono.

Mundiuze ngati mvula yayamba. Moni kwa amalume ndi onse.

Ine mwana wanu wachisamba.