Kalata kwa mwana wanga pa za buku limene lamusautsa mtima

Chilomoni, Blantyre

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumbako ndi adzukulu anga ku Lilongwe kumeneko. Kuno tonse tili bwino, ndipo bambo ako akupereka moni. Ndalemba kalatayi chifukwa cha mawu amene unandiuza pafoni, akuti buku la Chimamanda Ngozi Adichie lija, Half of a Yellow Sun, unalimaliza uli wokwiya, ndipo watsimikiza mtima kuti nthano zazitali za masiku ano sudzawerenganso, popeza zimangosiya munthu ndi chisoni popanda phunziro lililonse. Pafoni sitikanatha kukambirana nkhani yotere mofatsa, n'chifukwa chake ndasankha kukulembera.

Mkwiyo wako sukundidabwitsa, ndipo suyenera kuchita nawo manyazi. Ugwu, mnyamata wantchito uja, timakumana naye akungochokera kumudzi, akuzizwa ndi chakudya chodzaza mufiriji ya bwana wake, mpaka kubisa nthuli za nkhuku m'matumba a kabudula n'kugona nazo. Timamuona akulowetsedwa sukulu, akuphunzira kuphika, akuyamba kukonda mabuku, ndipo tisanazindikire timakhala titamutenga ngati mwana wathu. Kenako nkhondo imamugwira mokakamiza kuti akhale msilikali, ndipo tsiku lina, pamodzi ndi anzake, amagwiririra mtsikana wogulitsa m'bala. Wanena kuti pamenepa unatseka buku, ndipo chakudya chinakukanika. Mwana wanga, mlembi akanafuna kukuchitira chifundo, akanapereka tchimo limeneli kwa msilikali wina wopanda dzina, iwe n'kudana naye mosavuta n'kupitiriza kuwerenga mtima uli m'malo. Iye anasankha kulisenzetsa mwana amene unamukonda, kuti umvetse kuti nkhondo imaononga ndi ana abwino omwe, ndiponso kuti wogwiririra uja amakhala ndi mayi ake amene anamulera mwachikondi. Nkhondo ya Biafra, imene bukuli likusimba, inamenyedwa ku Nigeria kuyambira 1967 mpaka 1970. Mlembiyu anabadwa mu 1977, itatha kale, koma agogo ake aamuna onse awiri anafera m'nkhondo imeneyo, motero pamene ankatulutsa bukuli mu 2006 ankalemba za maliro a pabanja pake penipeni.

Ndikudziwa kumene kwachokera chiyembekezo chako chakuti buku lizitha ndi phunziro, chifukwa ndi mmene mabuku amene tinakulira nawo analembedwera, ndipo ndi amene ine ndinkakuwerengera. Nthondo, imene Samuel Josiah Ntara anatulutsa mu 1933, imatsata munthu kuyambira kubadwa kwake, kudutsa m'zolakwa zake, mpaka kutembenuka mtima. Mabuku otere ndimawalemekeza kwambiri, ndipo ndimafuna kuti adzukulu anga adzawawerenge, pakuti muli Chichewa chokoma ndi mwambo wathu. Koma iwe tsopano ndiwe mayi wa ana, ndipo waona kale ndi maso ako kuti si wolakwa aliyense amene amalangidwa anthu akuona, ndipo si wolungama aliyense amene amalandira mphotho. Mlembi amene wakana kukupatsa mathero okoma wakuyesa munthu wamkulu wotha kuweruza wekha.

Dandaulo lako lachiwiri ndi limene landikhudza koposa. Wati sungakhululukire mlembi chifukwa chosatiuza kumene Kainene, mmodzi wa akazi awiri amapasa a m'bukuli, anathera, atawoloka kupita kumbali ya adani kukasaka malonda nkhondo ili pafupi kutha, mbale wake Olanna n'kutsala akumufunafuna mpaka tsamba lomaliza. Ndikupempha ulingalire za kwathu kuno. Agogo ako ankasimba za amuna amene anapita kumigodi ya ku Joni ndi ku Halale osabwereranso, amene tinkawatcha matchona, akazi awo n'kukalamba osadziwa ngati ali pabanja kapena ndi amasiye. Ndipo sukuyenera kupita kutali chotero. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinakokolola nyumba ku Chilobwe, ndipo alipo anthu amene matupi awo sanapezeke. Mayi wina amene timapemphera naye anataya mlongo wake masiku amenewo. Manda oti akaikepo nkhata palibe, ndipo akamamutchula amalankhulabe ngati za munthu amene wangochoka pang'ono. Mayi ameneyu atawerenga mathero amene iwe wakwiya nawo, sanganene kuti mlembi waiwala kumaliza nkhani. Angazindikire kuti pali wina amene akudziwa kulemera kwa maliro osaika.

Palinso chifukwa china chimene sindikufuna kuti utaye mabuku amenewa mopepuka. Ine ndi bambo ako tinakula m'nthawi imene boma linkatisankhira zowerenga. Lamulo lopatsa mphamvu bungwe loletsa mabuku ndi mafilimu linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo munthu akapezeka ndi buku loletsedwa ankaona zakuda. Jack Mapanje, mlakatuli amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, anamangidwa mu 1987 n'kusungidwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Smouldering Charcoal ya Tiyambe Zeleza, imene imasimba za umphawi ndi ndende za ulamuliro wankhanza, inasindikizidwa kunja kwa dziko lino mu 1992, chaka chimodzi riferendamu ya 1993 isanachitike. Amene ankaletsa mabuku ankanena zofanana ndi zimene iwe wanena, kuti ndi osokoneza maganizo ndiponso opanda mwambo. Ndikumva kuwawa kuona mwana wanga, amene angagule buku lililonse kapena kuliwerenga pafoni popanda womuopseza, akudziikira yekha chiletso chimene ife tinkachilira.

Usamve ngati ndikunena kuti buku lililonse lopweteka mtima ndi labwino. Alipo mabuku ena onena za Africa amene amangounjika njala, matenda, nkhanza ndi zolaula, ndipo ukawawerenga umachita kuoneratu kuti analembedwera anthu akunja ofuna kutimvera chisoni. Otere ine ndimawasiya panjira, ndipo iwenso uli ndi ufulu wowasiya, ngakhale atalandira mphotho zotani kapena anzako atawatamanda chotani pa Facebook. Kuti ndisiyanitse, ndimayang'ana ampangankhani. Ngati munthu wovutika m'bukumo akadali ndi nzeru zake, akuseka nthawi zina, akukangana ndi mnzake pa zinthu zazing'ono, akulakwa mwa kufuna kwake, ndiye kuti mlembi akumulemekeza monga munthu. Ngati wangoikidwamo kuti alire ndi kufa, pamenepo mlembi akuchita malonda ndi mavuto athu. M'buku limene wawerengali anthu amakwatirana, amachitirana nsanje, amaphunzitsa ana sukulu mabomba akugwa, ndipo Ugwu yemweyo sapeza mtendere ndi zimene anachita. Pomaliza timazindikira kuti ndi iye amene akulemba mbiri ya nkhondoyo. Zimenezi sizifafaniza tchimo lake, ndipo mlembi sakukupempha kuti umukhululukire.

Tsono malangizo anga ndi awa. Buku likakukwiyitsa, usafulumire kuligamula tsiku lomwelo. Dzifunse ngati wakwiya chifukwa lanama, kapena chifukwa lanena zoona zimene sunkafuna kuzimva, pakuti ziwirizi zimamveka mofanana mumtima pamene munthu wangotseka buku kumene. Ukatero, kambirana ndi munthu wina amene waliwerenga, ngakhale mwamuna wako ngati angalolere kuliwerenga, chifukwa chimene chinakupweteka iwe mwina iye sadzachiona, ndipo adzakuonetsa china chimene chinakudutsa. Ndiponso, popeza pakhomo pako pali mtsikana amene amakuthandiza ntchito ndi kulera ana, lola kuti buku ili likuchititse kumuyang'ana mwatsopano. Unakonda Ugwu chifukwa mlembi anakulowetsa m'maganizo mwake. Mtsikana ameneyo nayenso ali ndi maganizo ake, kwawo kumene anachokera, ndi sukulu imene mwina anaisiyira panjira. Umufunse ngati akufuna kuipitiriza, ndipo ngati akufuna, ukambirane ndi bambo a kunyumbako za mmene mungamuthandizire.

Ukadzabwera patchuthi cha ana, unditengere bukulo kuti ndiliwerengenso, ndipo ine ndidzakubwereka la Zeleza limene lili m'kabati ya bambo ako. Ndikufuna udzandiuze mmene udzalionere, pakuti nkhani yake ukaiwerenga imakhala ngati ya kuno kwathu, ya zaka zimene iwe unali wakhanda. Upereke moni kwa apongozi anga ndi kwa ana onse.

Ndine mayi ako okukonda.